Ndinalengeza Maliro a Eni Ake

Moni nonse, amayi ndi abambo. Mulungu ndi wabwino, ndipo lero ndaima ndi miyendo yangayanga kuti ndinene zimenezo. Koma ndisanayambe, ndaona mafoni angapo akwezedwa kale m'mwamba. Mayi Gondwe, ndi inu nomwe? Tsitsani chonde, ikani m'zikwama. Ndikamamaliza mukhala mutamva chifukwa chake.

Ine ndine Esinati. Ambiri a kuno ku Bolton mumandidziwa, ena munandidziwira pa intaneti nthawi ija dzina langa linkanunkha. Ndabwera kudzalankhula ndi inu amene mwatseka makatani kunyumba chifukwa cha manyazi, inu amene botolo lasanduka mnzanu wocheza naye. Ndikudziwa mulipo muno, chifukwa inenso ndinkakhala pa mipando yomweyi nditatchena, ndikutafuna chingamu kuti fungo lisamveke.

Ntchito yanga inali yosamalira okalamba m'makomo mwawo. Kampani inandipatsa banja lina la Chiyuda cha kumpoto kwa Manchester, a Harold ndi akazi awo mayi Ruth. A Harold paunyamata wawo ankasoka majekete a mvula mufakitale, ndipo ngakhale manja anali akunjenjemera, akaona batani langa likulendewera ankati, “Bwera nalo kuno, ukuchititsa manyazi nyumba yanga.” Ndinakhala nawo zaka zingapo. Ndinaphunzira khitchini yawo, kuti mbale za nyama zili pazokha ndipo za mkaka zili pazokha, ndiponso kuti Lachisanu dzuwa likamalowa mayi Ruth amayatsa makandulo ntchito zonse n'kuima. Bambo anga ondibereka anamwalira ine ndili kuno, mapepala asanalongosoke, moti sindinakawaike. Choncho a Harold ndinawatenga ngati bambo anga, ndipo sindikuchita manyazi kunena kuti ndinkawakonda.

Anamwalira nthawi imene nkhondo ija ya ku Middle East inali itafika povuta. Ine za ndale sindizidziwa. Ndinkangoona pa TV ana akufa uku ndi uku, n'kumalira nawo onse. Chimene sindinkadziwa n'chakuti pa intaneti panali anthu amene ankatolera mayina a Ayuda a kuno, zithunzi zawo, kumene amagwira ntchito, n'kumati aliyense wa iwo ayankhe mlandu wa nkhondoyo. Mwana wa a Harold, Debora, ndi mphunzitsi, ndipo dzina lake linali litayamba kale kuzungulira m'manja mwa anthu amenewo. Chimene chinkawasowa chinali adiresi basi. Debora sanandiuze, ndipo panalibe chifukwa choti andiuzire.

Anzathu a Chiyudawa amaika maliro msanga, kenako anamfedwa amakhala m'nyumba masiku asanu ndi awiri. Amakhala pa timipando tatifupi, magalasi onse ataphimbidwa ndi nsalu, kandulo ikuyaka usana ndi usiku, anthu akubwera kudzapepesa. Nditaona zimenezo mtima unakhala pansi, ndinati awa ndi anthu ngati ife, amadziwa kuti maliro n'kulirana. Koma anthu ankabwera ochepa. Anzawo a a Harold ambiri anali atatsogola kale, ena ankaopa kuyenda masiku amenewo. Ndikutsuka makapu kukhitchini ndinamva Debora akudandaula pafoni kuti mapemphero a madzulo amafuna amuna khumi, ndipo dzulo lake anaperewera.

Abale anga, inu mukundidziwa. Mmalawi angamve kuti pamaliro pakuperewera amuna, iye n'kungokhala? Sindinafunse munthu. Safunsa anadya phula, ndipo ine ndinadya phula lake lonse. Ndinatulutsa foni, n'kulemba pa gulu lathu lija la Amalawi la pa intaneti monga momwe timalengezera maliro kwathu. Ndinati bambo anga amwalira, ndinatchula dzina lonse, ndinati asiya mkazi ndi mwana mmodzi, Debora, dzina lonsenso. Ndinaika chithunzi changa ndili ndi a Harold atavala kachipewa kawo kaja. Ndinalemba msewu, nambala ya nyumba, ndi tiramu yoti mukwere. Ndinamaliza ndi kuti abambo bwerani mwaunyinji, mapemphero akuperewera amuna. Gululo linali lotsegula, aliyense padziko ankatha kuwerenga, koma ine m'mutu mwanga ndinkaona ngati ndikulankhula pa mpingo.

Ndipo munabweradi, Mulungu akudalitseni. Bambo Mhango ali apawa anafika ndi anzawo atavala masuti, buku la nyimbo kukhwapa. Rabi, amene ali ngati m'busa wawo, anawalandira bwino, n'kuwafotokozera mwaulemu kuti amuna khumi aja amayenera kukhala Ayuda. Abambo athu anangoima kumbuyo ngati mboni za ukwati, kenako anapatsidwa tiyi. Mayi Ruth anaseka tsiku limenelo, koyamba chimwalirireni amuna awo. Ine ndinkadziona ngati ndagwira ntchito yaikulu.

Debora anandikokera kukhitchini. Anandifunsa kuti, “Anthuwa adziwa bwanji pano?”

Ndinamuonetsa foni, ndikumwetulira. Anawerenga mpaka pansi, nkhope yake n'kuyera ngati pepala.

“Esinati, fufuta. Pompano.”

Ndinafufuta, koma madzi akatayika saoleka. Anthu anali atagawana kale uthengawo, ena ndi mtima wabwino, akulemba kuti pepani, mpaka unakafika kwa amene ankaufuna. Mawa lake foni ya m'nyumba ya maliro inayamba kulira osalekeza, ukayankha n'kumva mawu amene sindingawabwereze m'nyumba ya Mulungu. Chithunzi cha nyumbayo chinaikidwa pa intaneti. M'mawa wotsatira anapeza chitseko chitathiridwa penti yofiira, ndipo kabokosi kakang'ono ka malemba kamene Ayuda amakhoma pamphuthu kanali katazulidwa n'kupondedwa. Apolisi anawalangiza kuti achoke. Mayi Ruth, nkhalamba yoyenda ndi ndodo, anatulutsidwa m'nyumba mwawo pakati pa maliro a amuna awo, atavala masilipasi, kandulo ija n'kuzimitsidwa masiku ake asanakwane.

Zotsatira zake zinathamanga. Kampani inandichotsa ntchito chifukwa choulula za kasitomala, ndipo sindiwadandaula, ananena zoona. Anthu otolera mayina aja anatenga chithunzi changa n'kulemba kuti uyu ndi kapolo wa opha ana, ndipo anafufuza adiresi yanga ya kuno ku Bolton n'kuiikanso poyera. Ena a mbali ya Ayuda ankaganiza kuti ndinachitira dala, nawonso ankanditukwana. Ndinkamenyedwa uku ndi uku ngati ng'oma. Koma chimene chinandilasa kwambiri chinachokera pakati pathu. Wina anandilembera kuti, “Usadandaule achemwali, Ayuda ndalama ali nazo, agula nyumba ina.” Wina anati, “Si omwe aja anapha Yesu?” Sinditchula mayina, koma ngati muli muno, dziwani kuti munkanena za munthu amene anakalamba akusoka majekete, amene ankasunga mabatani akale m'chitini cha masikono.

Ndinayamba ndi tambula imodzi ya vinyo kuti ndigone. Tambula inabala botolo, botolo linabala anzake. Ndinatseka makatani poopa kujambulidwa, ndinazimitsa foni, kutchalitchi ndinasiya. Mwana wanga Chisomo ali ku yunivesite ku Liverpool, akaimba ndinkati ndili pa shifiti. Mayi Gondwe ankabwera kudzagogoda, ine ndili chete pansi kuseri kwa sofa ngati wakuba m'nyumba mwanga momwe. Tsiku lina m'mawa ndinagwa pa siteji ya basi, botolo likugubuduzika kuchoka m'chikwama, ana a sukulu akuona. Ndinatsitsimukira kuchipatala, ndipo nesi amene ankandiika diripi anali mayi Gondwe omwewa. Anangondipukuta kumaso. Mukuganiza kuti ndinasiya? Nditatuluka ndinadzera kusitolo.

Chimene chinkandidya sichinali ntchito, sichinalinso kutukwanidwa. Chinali chakuti sindikanatha kuonanso nkhope ya mayi Ruth. Ndinkati munthu amene wathamangitsa mkazi wamasiye pamaliro alibenso malo pakati pa anthu.

Panapita miyezi. Tsiku lina masana, kunja kukuwaza kamvula kathu kaja ka kuno, ndinamva kugogoda. Sikunali kugogoda kwa dzanja, kunali kwa ndodo, pansi pa chitseko. Sindinatsegule. Kenako ndinamva mawu kudzera pa kabowo koponyera makalata.

“Esi, ndine Ruth. Takisi yapita, ndipo mawondo angawa sangaime nthawi yaitali. Ukufuna ndigwere pakhomo pako?”

Ndinatsegula. Anali atachepa thupi, atavala jekete la mvula lakale losokedwa ndi amuna awo. Ine ndinali ndi chitenje chimene ndinagona nacho, tsitsi lili nyankhalala, m'kamwa mukununkha. Ndinagwada pakhomo pomwepo monga timachitira kwathu.

Iwo anati, “Dzuka, sindine Mulungu. Ndipatse mpando.”

Analowa, n'kukhala. Chinthu choyamba chimene ndinakwanitsa kufunsa chinali chopusa. Ndinati, “Mayi, mwadziwa bwanji kuno?”

“Adiresi yako ili pa intaneti, waiwala? Anthu omwe aja anaiika pafupi ndi yanga. Ndinapempha mnzanga wodziwa makompyuta kuti andipezere. Kanthu kamodzi kokha kothandiza kamene anthu amenewo anachitapo.”

Ndinayamba kulira, ndikupepesa, mawu akungogundana. Anandisiya ndilire mpaka nditatopa. Ndiye anati, “Tamvera. Sindinabwere kudzakuuza kuti palibe kanthu. Kanthu kalipo. Nyumba ija sindinabwerereko, ndipo sindidzabwererako. Ndinalowamo ndili mtsikana. Pano ndikukhala m'kafulati, khitchini yake ngati kabati. Debora anasiya sukulu imene ankaphunzitsa, ndipo akadali wokwiya nawe. Inenso ndinakukwiyira, kwambiri.”

Ndinati, “Mukuyenera kutero, mayi.”

“Usandiuze zimene ndikuyenera. Ndinakwiya, kenako ndinakhala pansi n'kuganiza. Amene anathira penti pachitseko panga si iwe. Amene ankaimba foni si iwe. Iwe unaitana anthu kuti adzalire nane. Unachita mopusa, koma unaitana olira. Anthu aja akhala akutifunafuna kuyambira ine ndisanabadwe, Esi, sanayambire pa iwe. Ukadzitengera mlandu wawo wonse, iwo atsala opanda mlandu, ndipo zimenezo sindilola.”

Kenako anayang'anayang'ana m'chipindamo. Anaona makatani otseka, mabotolo pakona, khushoni limene ndinkakhalira pansi, galasi la pakhoma limene ndinalitembenuza chifukwa sindinkafuna kudziona. Anapukusa mutu.

“Ndiye iwe wakhala pamaliro nthawi yonseyi? Kwathu ndi masiku asanu ndi awiri basi. Ndani anakuuza kuti uwonjezere?”

Iwo anapitiriza, mawu atatsika. Anati pa mwambo wawo, tsiku lomaliza likafika, anthu amabwera n'kuuza namfedwa kuti dzuka. Akatero amamutulutsa panja n'kuyenda naye kuzungulira nyumba za pamzere wawo mpaka kubwerera pakhomo, kuti miyendo ikumbukire kuti kunja kudakali dziko. Anati, “Ine ulendo umenewo sindinayende. Tsiku lake linandipeza m'chipinda cha alendo kwa msuweni wanga, ndikuopa ngakhale kusuzumira pawindo. Palibe anandiuza kuti dzuka. Ndiye ndaona kuti tilipo awiri amene sitinadzuke. Kavale nsapato.”

Ndinati, “Mayi, anthu andiona.”

“Akuone. Inenso andione. Ndatopa kubisala.”

Ndinasukusula, ndinavala nsapato ndi jekete. Tisanatuluke anandiimitsa, n'kugwira batani la jekete langa limene linkalendewera. Tonse tinadziwa chimene a Harold akanalankhula. Tinatuluka, dzanja lawo lili m'khwapa mwanga monga ndinkawagwirira kale, kungoti tsiku limenelo sindikudziwa kuti ankagwira mnzake ndani. Kuwala kunandilasa m'maso. Tinadutsa nyumba zathu zogundizana zija, mabini a zinyalala ali panja, tinadutsa sitolo imene ndinkagulako vinyo, mwini wake akutiyang'ana pagalasi. Mayi Ruth ankaima pafupipafupi kuti apume, ndipo akaima ankandiuza za a Harold, momwe anawafunsirira, momwe ankakanira kugula jekete la m'sitolo. Pa kona yomaliza analira, inenso ndinalira, tili chiimire pamvula. Galimoto zinkangodutsa, palibe anatijambula, palibe anatitukwana. Titafika pakhomo panga anati, “Basi, tadzuka. Tsegula makatani, undiitanire takisi.”

Musaganize kuti ludzu linathera pomwepo. Ayi ndithu. Madzulo ake omwewo manja ankanjenjemera, ndipo botolo lina linali likadali m'kabati. Kusiyana kwake kunali kwakuti ndinayatsa foni n'kuimbira mayi Gondwe, ndinati bwerani mudzatenge chinthu ichi ndisanachitsegule. Anabwera ndi yunifolomu, asanapite n'kunyumba komwe. Ndi iwo amene anandiperekeza kwa dokotala, chifukwa munthu amene wamwa kwambiri sasiya yekha mwadzidzidzi, thupi likhoza kumupweteka. Dokotala ananditumiza ku gulu la anthu amene akulimbana ndi mowa. Ndinkachita manyazi kukhala pakati pa azungu n'kumanena za ine, koma ndinapeza kuti manyazi alibe mtundu. Mpaka lero ndimapitabe, ndipo ndinagwapo kamodzi panjira, n'kudzukanso.

Chisomo ndinamuuza zoona zonse. Anandiyankha m'Chingerezi chake chija, akulira, kuti bwanji sindinanene, ndipo Loweruka lake anakwera sitima kubwera. Iyeyo ndi amene anandithandiza kusunga zithunzi za mauthenga onse otukwana n'kukazipereka kupolisi, ndi kupempha kuti adiresi yanga ichotsedwe pamene inaikidwa. Kwina anachotsa, kwina ikadalipo. Ntchito ndinaipeza movutikira, kunyumba yosungirako okalamba konkuno. Pa intavyu sindinabise, ndinawauza chimene ndinachita ndi chimene ndaphunzira. Oyamba anandikana, achiwiri ananditenga.

Ndinapitanso kwa oyendetsa gulu lathu la pa intaneti, ndipo ndikuthokoza kuti anandimvera. Pano gululo ndi lotseka, ndipo uthenga wa maliro sulowa popanda chilolezo cha eni ake. Mwambo wathu wolengeza maliro ndi wabwino, abale, sindikuunyoza. Kumudzi uthenga umayenda pakamwa, umafika kwa anthu amene akudziwa nyumbayo kale. Kuno ukaulemba, umafika ndi kwa afiti omwe. Inu manesi, inu osamalira okalamba, mumalowa m'nyumba za anthu amene akuopa zinthu zimene inu simukuzidziwa. Funsani kaye. Ndipo mukamva wina pakati pathu akunena kuti Ayuda ndi otere, Asilamu ndi otere, mudzudzuleni pomwepo, chifukwa penti ija imayambira pakamwa.

Ndimalize ndi ichi. Anzathuwa nawonso amavundukula chiliza monga ife, pakapita miyezi. Mayi Ruth anandiimbira kuti ndipite. Ndinafunsa ngati Debora akudziwa, iwo anati akudziwa, ndipo sanakane. Ndinapita, n'kuima kumbuyo kwenikweni. Amuna khumi anakwana tsiku limenelo, ndinawawerenga ndekha, chizolowezi sichitha. Mapemphero atatha anthu anayamba kuika timiyala pamwamba pa chiliza, chifukwa iwo saika maluwa, amaika mwala kusonyeza kuti munthu anafika. Ine ndinalibe mwala, ndipo sindinkadziwa ngati ndikuloledwa.

Debora anabwera pamene ndinaima. Chichokereni m'khitchini muja tinali tisanalankhulane. Sanandikumbatire, sanamwetulire. Anatambasula dzanja, m'menemo muli timiyala tiwiri, n'kunena kuti, “Sindinaiwale, Esinati. Koma bambo akanafunsa kuti uli kuti.” Ndinatenga kamodzi. Tinayenda limodzi mpaka pachiliza, iye anaika kake, ine ndinaika kanga pambali pake.

Chilizacho ndi chokongola, dzina la a Harold lalembedwa m'zilembo zawo ndi zathu. Dzanja langa linapita lokha m'thumba momwe munali foni, chifukwa Mmalawi akaona chiliza chabwino amafuna abale aone. Ndinaigwira, n'kuisiya momwemo.

Ndikudziwa kuti tikatuluka muno ena mubwera kudzandifunsa, mwachikondi, kuti mandawo ali kuti, mayi Ruth akukhala kuti tsopano, kuti mukawaone. Ndikuthokozerenitu. Koma sindikuuzani.